Atha, atithera, akutha: yankho kwa mayi wa ku Manchester pa mawu oti "run out"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester. Andilola kuwayankha poyera, bola dzina lawo ndisalitchule. Analemba zambiri, za kuzizira kwa kumeneko ndi za ana amene anawasiya ndi agogo awo, koma funso lawo lenileni ndi ili:

"Aphunzitsi, tsiku lina m'mawa ndinapeza kuti m'bokosi la magolovesi mulibe kanthu. Ndinapita kwa abwana n'kuwauza kuti the gloves are finished. Anandiyang'ana kaye, kenako anandifunsa kuti, do you mean we've run out? Ine ndinangovomera. Patapita masiku mnzanga anati we are running out of soap, ine n'kuthamangira kukauza abwana kuti sopo watheratu, chonsecho kunali kutatsala mabotolo awiri. Kodi run out ameneyu amatanthauza chiyani kwenikweni? Kuthamanga kukubwera bwanji pa nkhani ya kutha kwa zinthu? Nanga finished wanga uja analakwa pati?"

Zikomo kwambiri mayi polemba. Funso lanu ndayenda nalo m'mutu masiku angapo, chifukwa ana anga a sukulu akhala akundifunsa zomwezi kwa zaka zambiri, ndipo mabuku ambiri amayankha ngati kuti wofunsayo alibe chinenero chake. Amangoti "run out" ndi kutha, basi, n'kupita pa tsamba lina. Ine ndikufuna ndikuonetseni kuti mneni ameneyu mumamudziwa kale. Munamuphunzira muli kamtsikana, tsiku limene amayi anu ankagogoda pansi pa chitini cha ufa kuti wotsalira m'mbali ugwere mumphika.

Tamverani mawu awiri awa: "Ufa watha." "Ufa watithera." Nkhani ndi imodzi, m'chitini mulibe kanthu. Koma aliyense woyamwa Chichewa amamva kusiyana kwake popanda womuuza. Woyambayo akunena za ufa. Wachiwiriyo akunena za ife, anthu amene tigone ndi njala ngati wina sanyamula chimanga kupita kuchigayo. Kutha kwasanduka kuthera, ndipo m'kusinthako mwalowa munthu amene vutolo lamugwera.

Chingerezi chilinso ndi njira ziwiri zomwezi. "The flour has run out" ndiye kuti ufa watha. "We have run out of flour" ndiye kuti ufa watithera. Chosiyana ndi amene amakhala kutsogolo. Kwathu, ngakhale pamene tikudandaula za ife eni, ufa ndiwo umakhalabe mwininkhani, ife timangolowa m'kati mwa mneni ngati kachidutswa kaja ka "ti". Mngerezi amatembenuza. Munthu wosowayo ndiye amayamba, chinthu chothacho chimapita kumapeto, ndipo pakati pake amaikapo "of". Apa ndi pamene pamagona vuto lonse. Mwana wa Fomu 2 akaona "we have run out" amaganiza kuti ifeyo ndife tachita kanthu, tathamanga, tatuluka. Ayi ndithu. Ife sitinachite kalikonse, zangotigwera.

Komatu nafenso tili ndi kanenedwe koika munthu patsogolo, kungoti sitikaona chifukwa tinakazolowera. Timati "ndathedwa nzeru". Timati "atamva za malirowo anathedwa mphamvu". Nzeru ndizo zatha, koma woyamba kutchulidwa ndi ine. Ameneyu ndiye m'bale weniweni wa "I have run out of ideas". Ife kanenedwe aka timakasungira zinthu zochepa, nzeru ndi mphamvu makamaka, pamene Mngerezi amakagwiritsa ntchito pa chilichonse: mkaka, mapepala, mafuta a galimoto, ndalama, malo m'foni. Palibe Mchewa amene anganene kuti "ndathedwa shuga", koma Mngerezi amanena zomwezo tsiku ndi tsiku. Ndiye abwana anu aja pokufunsani kuti "do you mean we've run out?" ankangoti, "Mukutanthauza kuti atithera?"

Ka "of" kaja kasamaleni. Kamabwera pokhapokha ngati mukutchula chinthucho pambuyo pake. Ngati nonse mukudziwa kale kuti nkhani ndi ya magolovesi, "we've run out" ndi yokwana payokha. Mukafuna kuwatchula ndi "we've run out of gloves". M'makope a ana anga ndimapeza "we have run out sugar" ndi "we have run out from sugar" chaka ndi chaka, ndipo zonse ziwiri ndi zolakwika. Pa tanthauzo la kutha, simungathenso kumudula pakati mneni ameneyu kuti chinthucho chilowe pakati pa "run" ndi "out", monga momwe ena amadulidwira. Ndipo pa tanthauzo ili alibe msintho wochitidwa: "the sugar was run out" si Chingerezi. Pofunsa, "of" amatha kutsalira kumapeto, monga mu "what have we run out of?", kufunsa kuti chatithera ndi chiyani.

Tsopano za kuthamanga. Kusukulu anatiphunzitsa kuti "run" ndi kuthamanga, ndipo si bodza, koma ndi kachigawo kakang'ono chabe. Akonzi a dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary atamaliza kukonzanso mawu amenewa mu 2011, anawerenga matanthauzo 645 a mneni yekhayu. Limodzi mwa matanthauzo akale kwambiri, lochokera m'Chingerezi cha makolo awo, ndi kuyenda kwa madzi. Mpaka lero mtsinje "runs", mpopi wosiyidwa wotsegula "is running", ndipo wa chimfine amene mamina akuchucha amati "my nose is running". Mukaika "out" pamenepo, chithunzi chake ndi cha madzi akutuluka m'chidebe chobooka. Amatuluka, amatuluka, kenako chidebe chimatsala chokha. Palinso kachipangizo kakale koyezera nthawi, timabotolo tiwiri tolumikizana pakakhosi kopyapyala, mchenga n'kumatsika kuchoka m'kam'mwamba kupita m'kam'munsi. Mchenga wa m'mwamba ukatha, nthawi yatha. Mukamva wina akuti "time is running out", onani mchenga umenewo ukuyoyoka. Mukagwira chithunzi cha madzi ndi mchenga, miyendo simuifunanso.

Ndimaona kuti chithunzi chimenechi chimafotokozanso chifukwa chake mneni ameneyu sakwanira paliponse. Amafuna chinthu chimene chimachepa pang'onopang'ono pochigwiritsa ntchito. Mayunitsi a m'foni, bandulo ya intaneti, mayunitsi a pamita ya magetsi, gasi wa m'silinda, inki ya m'cholembera, chimanga cha m'nkhokwe mwezi wa Januwale, zonsezi zimalowa bwino. Koma akuba akathyola nyumba usiku n'kunyamula matumba onse a chimanga, simungafotokoze kubako ndi "the maize ran out". Chimenecho chabedwa, sichinathe chokha.

Tibwere pa sopo uja, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yaikulu kwa munthu wa ntchito ngati yanu. Mnzanu sananene kuti "we have run out". Anati "we are running out". Kusiyana kwake ndi komwe kuja kwa "watha" ndi "akutha". Sopo akutha, alipobe, koma botolo likupepuka, ndipo amene ali ndi udindo wogula ayambe kuganiza. "Running out" ndi chenjezo, "have run out" ndi lipoti la zimene zachitika kale. Khutu lanu linagwira "run" ndi "out" n'kutaya ka "ing" kaja, pomwe kameneko ndiko kanasenza uthenga wonse, monga momwe ka "ku" kamasenzera mu "akutha".

Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka m'kalasi ndi cha mzinda wa Cape Town. Kumayambiriro kwa 2018, mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana, madzi m'madamu a mzindawo anachepa koopsa, ndipo damu lalikulu la Theewaterskloof linaonetsa mchenga ndi zitsa. Akuluakulu a mzinda analengeza tsiku limene analitcha Day Zero, loti adzatseka mipopi ya m'nyumba zambiri kuti anthu azikatunga madzi pamzere. Kuyambira mu February chaka chimenecho munthu mmodzi ankaloledwa malita 50 okha patsiku, omwera, ophikira, osambira ndi ochapira. Abale athu amene anali kumeneko amakumbukira kusamba ataimirira m'beseni kuti madzi omwewo akathirenso m'chimbudzi. Nthawi yonseyo manyuzipepala ankanena zoona polemba kuti mzindawo "is running out of water". Koma anthu anachepetsa kagwiritsidwe ntchito ka madzi, tsiku lija linasunthidwa kangapo, mvula ya m'nyengo yozizira inabwera, ndipo Day Zero sanafike. Ndiye amene anganene lero kuti "Cape Town ran out of water in 2018" akunama. Madzi ankawathera, koma sanawathere. Onani mtunda umene uli pakati pa mawu awiriwa: mipopi ya anthu mamiliyoni anayi.

M'nyumba yosamalira okalamba kusiyana kumeneku si kwa galamala chabe. Agogo amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, mukauza namwino kuti "she is running out of her tablets", iye amva kuti aitanitse ena sabata yomweyi. Mukati "she has run out of her tablets", amva kuti usiku uno agogowo alibe choti amwe, ndipo asiya zonse n'kuyamba kuimba mafoni. Mukasinthanitsa mawu awiriwa mutha kudzidzimutsa anthu pachabe, kapena choipa kwambiri, kuwagonetsa tulo pa nthawi yoyenera kufulumira. Ndikukupemphani, mukakayikira, onjezani nambala. "We are running out of soap, there are two bottles left." Nambala simasokoneza munthu.

Za nthawi za mneniyu ndidutsepo mwachangu. Amasintha motere: run, ran, run. "We ran out yesterday", anatithera dzulo. "We have run out", atithera ndipo panopa palibe. "We had run out before the delivery came", anali atatithera kale pamene galimoto ya katundu inkafika. "We will run out by Friday", pofika Lachisanu akhala atatithera. "Runned" kulibe, ndipo "we have ran out", ngakhale mudzawamva ena a komweko akunena choncho pocheza, musamulembe m'buku la malipoti.

Katchulidwe kake nakonso kali ndi kamsampha. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, ndiye "run" ndi "ran" pakamwa pathu amatuluka ofanana, onse ndi "a". Angerezi amawasiyanitsa. Koma inu muli ndi mwayi kumene muliko: anthu a kumpoto kwa England, a ku Manchester omwe, amatchula "run" ndi liwu loyandikana ndi "u" wathu, lomwe lija la mu "put". Mukamva choncho musadabwe, ndi mneni yemweyo. Polankhula amatsindika pa "out", ndipo "out of" amamumeza kukhala ngati liwu limodzi, "auta". N'chifukwa chake "we've run out of" amadutsa m'khutu ngati mphepo.

Nanga "finished" wanu uja? Pano ndikufuna ndilankhule mosamala, chifukwa sindifuna muchoke ndi manyazi. Mukalowa mugolosale ku Limbe, ku Chipata kapena ku Lusaka n'kufunsa shuga, wogulitsa akati "sugar is finished" palibe amene amakanda mutu. Ndi Chingerezi cha kwathu, ndipo chili ndi gwero lake lomveka. Mneni wathu "kutha" ndi mtanga waukulu. Ntchito yatha. Shuga watha. Nsapato zatha, kutanthauza kuti zang'ambika. Wodwala uja watha, kutanthauza kuti waonda. Msonkhano watha. Ndiponso "amatha Chingerezi", kumene kuli kukhoza. Tinapatsidwa "finish" kusukulu ngati tanthauzo la "kutha", ndiye tinamusenzetsa mtanga wonsewo. Koma kwa Mngerezi "finish" makamaka ndi kumaliza kapena kutsiriza: pamakhala ntchito imene inayambika ndipo yafika kumapeto. "Who finished the milk?" ndi Chingerezi chabwinobwino, chifukwa pali munthu amene wamaliza mkakawo. Koma "the gloves are finished" kwa abwana anu kunamveka ngati magolovesi amaliza kusokedwa kufakitale, kapena aonongeka osagwiranso ntchito. Anaima kaye kusankha tanthauzo, kenako anapeza lachitatu limene inu munkafuna. Kuyang'ana kuja kunali komweko. Sikunali kukunyozani.

Chenjerani kwambiri ndi "I am finished". Kuntchito kumamveka kuti ndamaliza, koma kukanenedwa ndi nkhope yakugwa ndiye kuti zanga zada, ndatheratu. Ndipo "the patient is finished" musadzanene n'komwe ngati mukutanthauza kuti mwamaliza kuwasambitsa.

Anzanu a kuntchito mudzawamvanso akufupikitsa. "We're out of gloves" ndi chimodzimodzi ndi "we've run out of gloves", angochotsa mneni. "They're all gone" ndi "there's none left" ndiwo mawu a m'khitchini enieni, ofanana ndi "atheratu" ndi "sipanatsale kanthu". M'sitolo mudzaona "sold out" ndi "out of stock": woyambayo ndi woti anthu agula zonse, wachiwiriyo ndi woti katunduyo pakadali pano palibe.

Mneni yemweyu amachoka pa zinthu zogwirika n'kupita pa nthawi ndi mapepala, ndipo apa mpofunika kwa aliyense amene ali kunja. "My visa runs out in June." "The contract has run out." "The lease runs out next month." Apa palibe chikuchepa m'botolo, chimene chikuyoyoka ndi masiku amene pepalalo linapatsidwa. Pa mafomu a boma mudzaona "expire", pakamwa pa anthu mudzamva "run out". Ife timangoti pasipoti yatha, viza yatha, ndiye apa Chichewa ndi Chingerezi zimayenda limodzi. Dziwani kuti pa tanthauzo ili pepalalo ndilo limakhala kutsogolo. Munthu sanena kuti "I have run out of my passport".

Kenako amalowa mumtima mwa munthu. "My patience is running out" amanena ndi kholo limene laitana mwana katatu. "His luck ran out" amanenera munthu amene wakhala akupulumuka kambirimbiri koma lero wagwidwa, uja timati lakwana la fote. "I ran out of words", mawu anandithera. Pali wina amene ndimamukonda, "run out of steam". Anachokera ku makina oyendera nthunzi, ndipo inu muli pamalo pake penipeni, chifukwa njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester, imene inatsegulidwa mu 1830, ndi imodzi mwa zoyambirira kunyamula anthu pakati pa mizinda iwiri ndi sitima zotere. Moto ukachepa nthunzi imachepa, sitima n'kuyamba kukwawa mpaka kuima. Lero amanenera munthu, timu ya mpira kapena ntchito ya chitukuko imene inayamba ndi moto koma yafooka panjira. Ku America amakonda kunena "run out of gas" pa tanthauzo lomwelo, chifukwa kumeneko petulo amamutcha "gas".

Pali malo angapo pamene mawu omwewa amatanthauza zina, ndipo ndi bwino muwadziwe kuti asadzakupunthwitseni. "The children ran out of the house" ndi kuthamanga kwenikweni, ana anatuluka m'nyumba chothamanga. Mawu ake ndi omwe aja, "ran out of", koma chotsatira ndi malo, osati chinthu chogwiritsa ntchito. Nthawi zambiri ka "the" kamathandiza kusiyanitsa: "he ran out of the room" anatuluka m'chipinda chothamanga, "he ran out of room" malo anamuthera, monga polemba papepala laling'ono kapena polongedza chikwama. Kusiyana ndi ka "the" kokha, koma nkhani ziwiri.

"Run out on" ndi mawu owawa. "He ran out on his wife and children" ndi bambo amene anathawa banja, kusiya mkazi ndi ana opanda chithandizo. Pomwe "they ran him out of town" ndiye kuti anamuthamangitsa m'tauni, ndipo apa ndimasangalala kuona zinenero ziwiri zosiyana makolo zikuganiza mofanana: kuthamanga kwabala kuthamangitsa, "run" naye wachita chimodzimodzi. Ndipo poti mukukhala mumzinda wa bwalo la kiriketi la Old Trafford, agogo ena amene mumawasamalira adzakhala akuonera masewerawa pa TV n'kufuula kuti "he's been run out!" Palibe chatha pamenepo. Womenya mpira amathamanga pakati pa timitengo tozikidwa mbali ziwiri, ndipo a timu inayo akagwetsa timitengoto ndi mpira iye asanafike pamzere, watuluka. Kawirikawiri ndi m'kiriketi ndi m'kuthamangitsa kuja momwe mungamve "was run out".

Mneni wathuyu ali ndi abale ake, ndipo kusankha pakati pawo ndi kumene kumaonetsa kuti munthu chinenero wachigwira. "Run low" ndi wofatsa kuposa "running out". "We're running low on soap" ndiye kuti sopo wachepa, koma palibe chodetsa nkhawa lero. Onani kuti iyeyu amayenda ndi "on", osati "of". "Run short of" ndi kuperewera: zilipo koma sizikwanira zimene tikufuna, monga simenti kuperewera nyumba isanafike pamawindo. "Use up" amaloza chala, chifukwa pamakhala munthu amene wamaliza. "You used up all the hot water" ndi dandaulo, pamene "the hot water ran out" sakuimba mlandu aliyense. Pamalo a ntchito, pamene simukufuna kukangana ndi mnzanu wa shifiti ya usiku, kusiyana kumeneku kudzakuthandizani.

"Run dry" ndi "dry up" ndi kuuma kapena kuphwa. Chitsime "runs dry". Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, inauma mu 1968 ndiponso mu 1995, asodzi a matemba n'kusiya mabwato pamatope ong'aluka. Mngerezi pamenepo angati "the lake dried up". Amabwerekanso mawuwa ponena za ndalama za thandizo kapena maganyu amene asiya kubwera: "the work has dried up". Kusiyana kwake ndi "run out" ndi koti uyu akuyang'ana kugwero kumene zinthu zimachokera, pamene "run out" akuyang'ana zimene tinali nazo m'manja.

Womaliza ndi "peter out", amene ndi wosowa pang'ono koma wokoma. Ndi kuzilala, kutha pang'onopang'ono mopanda tsiku loti n'kuliloza. Kanjira ka m'tchire kamene kamayamba kotakasuka, n'kumachepa, n'kumachepa, mpaka kusowa muudzu, "peters out". Mvula ya kumapeto kwa Malichi imachita chimodzimodzi. Macheza a anthu amene nkhani zawathera nawonso amatero. Iyeyu satenga "of" ndipo munthu sakhala kutsogolo. Simungati "we petered out of sugar".

Ndikukumbukira mizere ya mafuta ya mu 2011 ndi 2012, pamene galimoto zinkagona pamalo omwetsera mafuta usiku wonse, anthu atanyamula zigubu. Tsiku lina ndinaima kuyambira mbandakucha, ndipo kutatsala galimoto zinayi kuti ndifike, mnyamata wothira mafuta anakweza payipi m'mwamba n'kufuula kuti, "Atha!" Bambo amene anali patsogolo panga anatsika m'galimoto, nagwira m'chiuno, nati chapansipansi, "Atithera tikuona." Mawa lake ndinalemba mawu awiriwo pabolodi, wina kumanzere wina kumanja, pansi pake n'kulemba "the fuel has run out" ndi "we have run out of fuel". Kalasi lonse linamva tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo sindinaphunzitsenso mneni ameneyu mwanjira ina.

Ndiye mayi, Lolemba mukalowa m'chipinda chosungiramo katundu, werengani kaye zimene zatsala. Mukapeza mabokosi asanu pamene pamakhala 20, auzeni abwana kuti "we're running low on gloves". Mukapeza limodzi, "we're running out of gloves, there's only one box left". Mukapeza shelefu yokhayokha, "we've run out of gloves". Mundilembere mmene ziyendere, ndipo mundiuze mawu ena amene akukuvutani kumeneko. Anawo muwapatse moni mukawaimbira.